Ndemanga: pulamba yemwe anathetsa kudontha kwa thanki yanga ya nsomba pa Nchalo, nyenyezi 4 pa 5

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti amene anakonza mapaipi a thanki yanga ya nsomba ndi ndani komanso ngati ntchito yawo ndi yodalirika, nde ndangoti ndilembe pano kamodzi aliyense awerenge. Mwachidule eya, ndi odalirika, ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5 ndipo chifukwa chomwe ndachotsera imodziyo ndinena kumapetoko. Dzina ndi nambala yawo sindiika pagulu, ndi bambo achikulire ndithu, mapulamba akale aja oyenda panjinga chikwama cha zitsulo chili pa kaliyala.

Kaye ndifotokoze thankiyo kwa omwe simunaione. Ndi yagalasi, imalowa malita 200, muli nsomba zotchedwa mbuna za kunyanja, zachikasu ndi zabuluu zamizeremizere zija. Kuno kuchigwa munthu ukati ndimaweta nsomba ambiri amaganiza za makakana kapena milamba ya ku Elephant Marsh, koma izi ndi zongoyang'ana pabalaza, ana anga amazikonda kwambiri ndipo ine ndikaweruka ndimakhala pomwepo. Pansi pa thanki yayikuluyo, mkati mwa kabati, muli ina yaying'ono yomwe timati sump, ndi momwe mumakhala zosefera madzi ndi pampu. Pampu imakweza madzi m'mwamba, madziwo akadzaza amasefukira mu kabokosi kagalasi komwe kamamatidwa pakona mkati mwa thanki, kuchoka apo amatuluka pa bowo lomwe linabooledwa pa galasi lakumbuyo nkutsika ndi paipi ya 32mm kubwerera mu sump. Overflow yake ndi imeneyo basi. Madzi amangozungulira usana ndi usiku, nde pakangokhala podontha pamodzi olo pang'ono bwanji mmawa upeza thabwa la kabati lanyowa.

Zovuta zanga zinali ziwiri. Choyamba paipi yotsika ija imanyowa kunja kwake, dontho limodzi limodzi, thabwa lapansi linayamba kufufuma nkumanunkha chuku. Chachiwiri chomwe chimandisowetsa tulo, magetsi akangozima sump imadzaza mpaka kutayikira pansi, ndipo magetsi akunowa mukuwadziwa nokha, amapita nthawi ina iliyonse olo pakati pausiku. Mayi akunyumba anafika potopa nako kukolopa, alandilodi nawonso anali atayamba kufunsa za chinyezi chapakhoma.

Chovuta china chomwe anzathu a ku Blantyre kapena ku Dedza sangachimvetse bwinobwino ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno zimadutsa madigiri 40, madzi amauma okha mu sump tsiku lililonse, nde ukamaona madzi akutsika sudziwa kuti auluka ndi dzuwa kapena akuthawira penapake. Mnyamata wina yemwe anabwera poyamba anangoti ndi kutenthaku bwana, kenako ataona thabwa lonyowalo anatenga silikoni nkupaka mulu kuzungulira pomwe paipi yakumana ndi galasi, nkulandira yake nkumapita. Zinaoneka ngati zatheka koma posakhalitsa dontho linatulukira pambali pa mulu wa silikoniwo. Ndalama inapita chabe.

Bambo awawa atafika sanagwire sipanala kapena guluu ayi. Anapempha nsanza youma ndi tishu. Anapukuta mapaipi onse mpaka gwa, kenako nkukulunga katishu pa joini iliyonse kuyambira m'mwamba pagalasi mpaka pansi, nkukhala pansi phee tochi ya foni ili m'manja kudikira kuti yoyamba kunyowa ndi iti. Ine ndimaloza pa elbow yapansi, joini yokhota ija, poti ndi pomwe dontho limagwera, iwo anati "ayi achimwene, madzi pomwe akugwera si pomwe akuchokera, amatsetsereka ndi paipi." Ndipo zoonadi tishu yoyamba kunyowa inali yam'mwamba kwenikweni kuseri kwa nati. Anandionetsanso kamzere koyera kouma kotsika ndi paipiyo, poti madzi athu a pamjigo kuno kuchigwa ambiri ndi amchere, akamauma amasiya zoyera, nde ukalondola mzerewo chokwera umakufikitsa pomwe pali vuto. Ine zoyerazo ndimaziona tsiku ndi tsiku koma ndimangoziyesa fumbi la simenti.

Pa bowo lagalasi paja pamakhala chomwe a ma aquarium, mathanki a nsombawa, amati bulkhead. Bambowa anandiuza poyera kuti thanki ya nsomba sanagwireko kwenikweni, koma chinthucho atachiona anati ichi ndi tank connector yomweyi timaika pa mathanki apulasitiki amadzi aja, kusiyana kukula basi. Chili ndi mutu wophwatalala mbali imodzi, mazinga, labala yozungulira ndi nati. Atamasula tinapeza kuti amene anapanga thankiyi anaika labala kumbali ya nati, kunja, pomwe imayenera kukhala kumbali ya mutu wophwatalala uja, pakati pa mutuwo ndi galasi. Ikakhala ku nati madzi amalowa pansi pa mutu nkuyenda mmazinga mpaka kutulukira kunja, umange bwanji sizingasiye. Ndipo poti imadontha, winawake anaimanga ndi sipanala mwamphamvu mpaka natiyo inang'aluka kamng'alu kakang'ono kosaoneka ukapanda kuunika. Apa mpomwe ndinadziwa kuti silikoni wakunja uja sakanathandiza olo akanapaka chubu chonse.

Anapala silikoni yense wakale ndi lezala pang'onopang'ono osakanda galasi, nkupukuta ndi sipiriti mbali zonse ziwiri za bowo. Bulkhead yatsopano anaiika youma, labala mkati kumbali ya mutu, osapaka kanthu kalikonse, nkumanga nati ndi dzanja mpaka italimba kenako nkuonjezera pang'ono chabe, ngati kota ya kuzungulira kumodzi. Ndinafunsa kuti bambo osapakako silikoni pang'ono kuti tikhale ndi chitsimikizo? Anakana, akuti labala ikaterera ndi silikoni imafinyikira kumbali pomanga nde mpomwe imayamba kudontha, komanso silikoni pa pulasitiki sagwira bwino, amagwira pa galasi. Izi ndinakaziwerenganso pa intaneti usiku wake ndipo ndi momwemodi.

Paipi yotsika ija inali yomata kale ndi guluu wa PVC, ndipo guluu ameneyu sali ngati wa nsapato woti ungamatule, amasungunula pulasitiki wa paipi ndi wa soketi nkukhala chinthu chimodzi, nde njira ndi kudula basi. Anadula ndi sowo mowongoka, nkupala m'mphepete ndi sandipepa, nkuyesa kaye zonse zouma ndikulemba timizere ndi pensulo kuti elbow idzaloze komwe ikufunika. Pomata anapaka mbali zonse ziwiri, kulowetsa mopotoza pang'ono nkugwira osasiya kwa kanthawi chifukwa ukasiya msanga paipi imabwerera yokha. Chomwe ndinakondwera nacho kwambiri anaikapo union, joini yomasuka, pafupi ndi bulkhead, nde tsiku lina ndikadzafuna kutsuka kapena kusintha labala ndidzangomasula ndi dzanja osadulanso kanthu. Pa joini yamazinga ya kupampu anakulunga thread tape maulendo ochepa motsata komwe mazinga amamangira, akuti anyamata ambiri amakulunga mpukutu wonse kenako soketi yapulasitiki imang'aluka ndi kuthina.

Tsopano nkhani ya kusefukira magetsi akazima, apa mpomwe ndinaona kuti munthuyu amaganiza. Anati tizimitse pampu dala tione. Titazimitsa tinangoona madzi akubwerera chotsika kudzera mu paipi yokweza ija, chifukwa kukamwa kwake kunali kotsika kwambiri mkati mwa madzi a thanki yam'mwamba, nde pampu ikaima paipiyo imayamba kuyamwa ngati momwe anyamata amapopera petulo mgalimoto ndi kapaipi, ndipo siisiya mpaka kukamwako kutatulukira pa mpweya. Malita ambirimbiri kutsikira mu sump yaing'ono. Ine ndinali nditaganiza zogula non-return valve, yoletsa madzi kubwerera, iwo anati ikani ngati mukufuna koma musaidalire, ndi madzi amchere anowa komanso ndere kapena kankhono kamodzi kakangokhala pakamwa pake siitseka bwino, ndipo mudzadziwa tsiku lomwe magetsi azima muli kutchalitchi. M'malo mwake anakweza kukamwa kwa paipiyo kufupi ndi pamwamba pa madzi, nkuboola timabowo tiwiri tating'ono pansi pang'ono pa mzere wa madzi. Pampu ikaima madzi amatsika pang'ono, timabowo tija timakoka mpweya, kuyamwa kuja kumaduka pomwepo. Tiwiri chifukwa kamodzi kakhoza kutsekeka ndi ndere. Zinthu zosafuna ndalama olo 1 kwacha.

Koma titayesanso madzi amapitirirabe kutsika pang'onopang'ono, apa anaunika kabokosi kagalasi kaja nkupeza kuti msoko wake wapansi silikoni anali atayamba kumatuka, madzi amalowa chapansi m'malo mosefukira pamwamba pokha. Pampu ikamayenda sungadziwe, zimaonekera magetsi akazima nthawi yaitali. Apa silikoni amafunikadi, galasi ndi galasi. Chubu chomwe anatulutsa mchikwama chinali cha kubafa ndi kukhitchini cholembedwa kuti chimaletsa chuku, ndipo ndinawauza kuti bambo ameneyu ayi, mankhwala oletsa chukuwo amapha nsomba. Sanatsutse kapena kuchita manyazi aukatswiri, anangoti "zansombazo mukudziwa ndinu achimwene, ndiuzeni wofunikayo." Wofunika ndi silikoni 100% wopanda zoonjezera, wonunkha ngati viniga, ndipo ngati pachubu alemba kuti aquarium ndiye bwino kwambiri. Mma hadiweya omwe ndinayenda pa Nchalo ndi pa Dyeratu sindinamupeze, ndinachita kutumiza munthu wokwera ku Blantyre. Omwe muli ku Ngabu, Bangula kapena Nsanje gulirani limodzi zonse musanaitane pulamba, silikoni, bulkhead ya saizi ya bowo lanu, union ndi labala yapadera yosunga, chifukwa kudikira kanthu kamodzi kuchoka kumtunda nsomba zili mbeseni sizabwino.

Anachotsa kabokosiko konse nkupala mpaka galasi kuyera, poti silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale, kenako nkumatanso. Silikoni amafuna maola 24 mpaka 48 asanakhudze madzi, akakhala wochindikala kuposa apo, ndipo fungo la viniga likamamvekabe ndekuti sanaume. Nsomba zinadikira mu beseni lalikulu ndi madzi awo omwewo, kuchipinda kozizirirako, ndi kapampu ka mpweya. Apa samalani anthu akwathu, mbuna zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28, ndipo madzi akatentha mpweya umachepamo, nde mbeseni masana a kuno zimayamba kubwera pamwamba nkumasamula kukamwa. Ine ndimaikamo botolo la madzi oundana lotseka bwino kuti azizire pang'onopang'ono. Masiponji a mu sump nawonso musawasiye aume padzuwa, asungeni mmadzi a thankiyo chifukwa tizilombo tabwino tomwe timayeretsa madzi timakhala mmenemo. Palibe nsomba inafa olo imodzi.

Tsiku lodzaza madzi anabweranso okha, nkuikanso matishu aja pa joini iliyonse, nkuzimitsa pampu nkudikira mpaka madzi ataima. Sump inatsala ndi malo ndithu. Kenako anamata katepi pa galasi la sump kusonyeza pomwe ndizilekezera ndikamaonjezera madzi, akuti mukadutsa apa magetsi akazima mudzakolopanso ndipo musadzati ndine. Katepi komweko kamandithandizanso kuona kuti madzi akuuma mwa masiku onse kapena atsika modabwitsa. Mvula yoyamba yadutsa, magetsi azima kambirimbiri, kabati ndi youma.

Nyenyezi ndachotsa ija ndi ya nthawi ndi foni. Akati ndifika mmawa mudziwe kuti ndi chakumasana, ndipo foni yawo nthawi zambiri siipezeka, ukaimba umangomva kuti yazimitsidwa. Pa ntchito ya mpope wapanja zimenezi ungapirire, koma nsomba zili mbeseni dzuwa la Nchalo likuswa mtengo, mtima umakhala m'mwamba. Chinanso anamata guluu wa PVC mnyumba mawindo ali otseka, fungo lake ndi lamphamvu loti mutu umawawa, ndinachita kutulutsa ana ndi kutsegula ndekha, komanso tizidutswa ta paipi tina tinagwera mu sump ndinatola ndekha tisanalowe mu pampu. Mtengo sanadule, tinagwirizana asanayambe ndipo sanasinthe pakati panjira olo ntchito inakula ndi kabokosi kaja, ndinatumiza pa Airtel Money nkuonjezerapo ya njinga mwakufuna kwanga.

Phokoso la kolokolo mu paipi yotsika lidakalipo pang'ono makamaka usiku, iwo anati mpweya ukulowa limodzi ndi madzi ndipo akuganiza zoika joini ya T yokhala ndi chivindikiro chobooledwa pamwamba pake, komanso ndawapempha adzaone ngati tingaike paipi yachiwiri yapangozi kuti yoyambayo ikadzatsekeka madzi asadzasefukire pamwamba pa thanki. Zimenezo zikufuna bowo lina pagalasi, ndipo galasi la tempered, lolimbitsidwa ndi moto lija, silibooleka limangophwanyika, nde tikuyamba tafufuza kaye kuti langali ndi lamtundu wanji. Zikatheka ndidzaonjezera pansi pomwepa.