Choyezera mvula cha pulasitiki: chimathandiza kumunda, koma chimabisa mvula ina

Choyezera mvula cha pulasitiki chosongoka kunsi chija, chomwe chimapezeka m'masitolo a zipangizo za ulimi, ndicho ambiri amayambira akafuna kudziwa mvula yagwa pakhomo pawo. Chimabwera ndi kachitsulo kokhomera pamtengo, ndipo zambiri zili ndi mizere yofika mamilimita 100. Pa ntchito ya kumunda n'chabwino ndithu. Millimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi mbali zonse, ndiye mukapeza 25 m'mawa mumadziwa kuti nthaka yamwa, simuyendera za m'maso. Nkhani imavuta mukafuna kuwonkhetsa dzinja lonse kuti muyerekeze ndi avereji ya Mzuzu ya zaka zambiri.

Tiyambe ndi kapangidwe kake. Kusongoka kunsi kumathandiza kuti mvula yochepa, ya mamilimita 2 kapena 5, iwerengeke bwino chifukwa mizere ndi yotalikirana. Kumtunda mizere imathinana, moti tsiku la chimvula, lomwe limalemera kwambiri pa chiwerengero cha dzinja, ndi lomwenso mungaphonye ndi mamilimita angapo. Kukamwa kwake kulibe fanelo, kachipangizo kolandira madontho n'kuwatsitsira mkati pa kabowo kakang'ono. Madontho akuluakulu akamenya madzi amene alimo kale, ena amathovukira kunja, ndipo mvula ikagwa m'mawa dzuwa n'kuwala masana, ena amauma musanawerenge. Mphepo nayo imakankha madontho kuti adutse pamwamba. Zolakwika zonsezi zimakokera mbali imodzi: chiwerengero chanu chimatsika. N'chifukwa chake amene akugwiritsa ntchito choyezerachi amafulumira kunena kuti chaka chino mvula yachepa, pamene ina yangomuthawa m'kapu.

Musanakhome, chiyeseni. Yezani kukamwa kwake ndi rula, mkati mpaka mkati. Ngati ndi kozungulira ndipo ndi masentimita 10, mvula ya mamilimita 10 iyenera kukhala madzi okwana mamililita 78 ndi theka. Ngati ndi masentimita 12.7, akhale mamililita 127. Thirani madziwo ndi sirinji yaikulu ya ku famase, muone ngati afika pa mzere wa 10. Bwerezani kasanu, muone ngati afika pa 50. Zina mwa zotchipa zimalondola kunsi n'kusokonekera kumtunda, ndipo chotero chibwezeni.

Pokhoma ndi pamene ambiri amaonongera. M'mapuloti opanikizana ngati a ku Chibavi kapena Chiputula mu Mzuzu, malo opanda chotchinga ndi osowa, choncho anthu amachikhoma pa mpanda wa njerwa kapena pafupi ndi denga la malata. Ayi. Chitalikirane ndi nyumba, mtengo wa mapeyala kapena phata la nthochi kawiri kutalika kwa chinthucho, ndipo kanayi n'kwabwino koposa. Nyumba ya mamita 3 ndiye kuti mamita 6 kupita kutsogolo. Choyezera cha akatswiri a zanyengo, chachitsulo chokhala ndi fanelo ya mamilimita 127, chimakhala kufupi ndi nthaka, kukamwa kwake masentimita 30 okha kuchokera pansi, chifukwa mphepo pansi ndi yofooka. Pakhomo pali nkhuku ndi ana, ndiye mita imodzi ndi yololeka. Kukamwa kupitirire nsonga ya mtengo umene mwakhomapo, ndipo bwerekani levulo kwa mmisiri womanga kuti chisapendekeke.

Werengani 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, nthawi imene masiteshoni a Nthambi Yoona za Nyengo amawerenga, ndipo zimene mwapeza muzilembe pa dzulo. Diso likhale molingana ndi madzi. Mukatha khuthulani. Tsiku louma lembani 0 m'kope, chifukwa pakapita miyezi mpata wopanda kanthu sudziwika ngati kunali ng'amba kapena munali ku maliro. Mvumbi ukamanga masiku, kaoneni madzulo. Chikafika cha m'ma 70, lembani, khuthulani, mudzaphatikize ndi za m'mawa. Chikasefukira usiku, dzinja lonse lalowa chilema.

Tsopano kuyerekeza kwenikweniko. Avereji imene a zanyengo amagwiritsa ntchito ndi ya zaka 30, ndipo ya panopa padziko lonse ndi ya 1991 mpaka 2020. Manambala ambiri a pa intaneti ndi a 1961 mpaka 1990, ena ndi ongoyerekezera pa kompyuta, osati oyezedwa pansi. Funani a siteshoni ya pa bwalo la ndege la Mzuzu. Pachaka mzindawu umalandira mvula yoposa mamilimita 1,200, koma musatenge nambala ya chaka chonse n'kuiika pambali pa miyezi yanu isanu. Malipoti a masiku khumikhumi a nthambiyi amawerenga dzinja kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Epulo. Amene wagula choyezera mu Disembala wataya kale chizimalupsa ndi mvula yobzalira. Komanso Mzuzu si Lilongwe. Kuno Malichi ndi Epulo ndi miyezi ya mvula yambiri, imakoka mpaka Meyi, kenako mawawa a chiperoni mu Juni ndi Julayi. Kutseka kope kumapeto kwa Malichi n'kusiya gawo lalikulu panja. Mawawawo choyezerachi sichiwagwira bwino n'komwe: timadontho timamatirira m'mbali n'kuuma tisanatsikire pansi.

Masamu ake ndi apafupi. Gawani chiwerengero chanu ndi avereji ya miyezi yomweyo, muchulukitse ndi 100. Tiyerekeze kuti mwapeza 950 ndipo avereji ndi 1,050: ndiye 90 pa 100 iliyonse. Ndi choyezera chopanda fanelo, kusiyana kotere sikukwanira kunena kuti mvula inachepa, chifukwa kungachokere m'kapu momwemo. Kungachokerenso ku malo. Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja imakwera mapiri a kum'mawa kwa mzinda, mbali ya Kaning'ina, n'kumakhuthula mvula pokwerapo, ndipo mukamapita kuzambwe cha ku Ekwendeni kumauma. Nyumba ya ku Masasa ndi ya ku Luwinga sizingafanane, ndipo chimvula cha mabingu chimatha kunyowetsa Katoto n'kusiya Nkhorongo kuli fumbi. Pakadutsa madzinja asanu mukulemba pamalo amodzi, mudzayamba kuona ngati pakhomo panu pamaposa kapena kutsalira bwalo la ndege chaka ndi chaka.

 

Pulasitiki yake siikhalitsa padzuwa. Imachita chikasu, mizere imafufutika, ndipo pa nsonga pamang'ambika pang'ono n'kumadontha osaoneka. Ndere zikamera mkati, tsukani ndi kansanza ndi sopo, osati mchenga. Amene cholinga chake ndi kuyerekeza ndi avereji asunge ndalama agule cha fanelo chokhala ndi kabotolo koyezera mkati ndi chosungira madzi osefukira. Amene akhala ndi chosongokachi achiyesenso ndi sirinji Seputembala aliyense, ndipo achidzaze madzi usiku umodzi aone ngati m'mawa atsika.