Situdiyo ya pafupi ndi msika wa Mangochi inandithandiza kudziwa ndege ya agogo

Chithunzi chimene ndinapita nacho n'chaching'ono, chokwana m'chikhatho, chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ngodya imodzi inadyedwa ndi chiswe. Chinali m'tiranki ya malemu agogo anga aamuna, amene paunyamata wawo ankanyamula katundu wa alendo ku hotela ya ku Cape Maclear. Pachithunzipo pali chindege chachikulu chitakhala pamadzi, kumbuyo kwake kukuoneka chilumba cha Thumbi. Agogo ankangoti "ndege ya azungu yotera panyanja." Ine ndatha zaka zambiri ndikutolera zithunzi za ndege zakale n'kumafufuza mitundu yake, choncho mawu amenewo sankandikwanira. Ndinkafuna dzina lake lenileni.

Ndi maso okha sizikanatheka, ngakhale nditavala mandala. N'chifukwa chake ndinapita ku situdiyo ina pa boma, kufupi ndi msika, imene amajambulako zithunzi za pasipoti ndi za maukwati. Tsiku loyamba ndinapezako mnyamata waulemu ndithu, wachangu. Atachiona anati, "Madala, musadandaule, ndichikonza chikhala ngati chojambulidwa dzulo." Anachijambula ndi foni, n'kuchilowetsa mu pulogalamu ija yoyeretsa zithunzi zakale. Sipanathe mphindi zisanu.

Chinatuluka chokongola, sindinama. Nyanja yabiriwira, thambo layera, ndege ikuwala ngati sefuliya yatsopano. Koma mtima wanga unawawa. Zilembo zimene zinkaoneka mwachizimezime pathupi la ndegeyo zinafufutika zonse, chifukwa pulogalamuyo inaziyesa litsiro. Mapulopela anasanduka phala. Mawindo inawakonza mwa nzeru zake, n'kuwafoletsa pamene panalibe. Kwa munthu wofuna kupachika chithunzi cha amayi ake pabalaza, ntchito imeneyo mwina n'njabwino. Kwa ife ofufuza ndege, inali itachotsa zonse zimene ndinabwerera.

Mwini situdiyo, mayi wachikulire, anamva tikukambirana ndipo anatuluka kuchipinda chamkati. "Bambo, chavuta n'chiyani?" Ndinawafotokozera kuti sindikufuna kukongola, ndikufuna timadontho tonse tikhalepo monga mmene tilili. Apa m'pamene situdiyoyi inandigwira mtima. Sananditsutse, ndiponso sanamukalipire mnyamata uja pamaso panga. Anatulutsa sikana, napukuta galasi lake ndi kansalu kofewa, naika pa 1200 dpi, muyeso woti sikanayo itole ngakhale timadontho tating'ono kwambiri, nazimitsa zonse zokonza mtundu. Ntchito ili mkati magetsi anathima, ndiye anandiuza kuti ndibwerenso mawa lake, koma chithunzicho nditenge, chisagone pamenepo. Mawa lakelo anasikana kutsogolo ndi kumbuyo komwe, poti kumbuyo nthawi zina kumakhala zolemba za pensulo, n'kundiikira pa fulashi. Nditapempha kuti alaminete, anakana. Anati kutentha kwa makinawo kumaononga pepala lakale ndipo pulasitikiyo ikamata simungaichotsenso. Anandipatsa envulopu yolimba. Munthu wokana ndalama pofuna kuteteza katundu wa kasitomala ndi wosowa masiku ano.

Kunyumba ndinachikulitsa pa kompyuta, ndipo ndinagona mochedwa usiku umenewo.

Mnzanga wina wa ku Zomba, amene timasinthana naye zithunzi zoterezi, anali atandiuza kale kuti mwina ndi Catalina, poti ndiyo ndege ya pamadzi imene anthu ambiri amaidziwa. Koma Catalina ili ndi mainjini awiri okha, ndipo phiko lake limakhala pamwamba pa thupi, litakwezedwa pa kamzati. Yanga inali ndi mainjini anayi, mapiko akuchokera paphewa penipeni, thupi lalitali ngati nyumba yosanja, pansi pake posongoka ngati boti, ndi timabwato tiwiri tolendewera pansi pa mapiko. Kameneko ndi kapangidwe ka kampani ya Short Brothers ya ku Britain. Vuto n'lakuti ndege za kampani imeneyi zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Pali Sunderland, yankhondo, imene inali ndi malo a mfuti kumphuno ndi kumchira. Pali Sandringham, imene ndi Sunderland yomweyo koma yosinthidwa kuti izinyamula anthu. Ndiye pali Solent.

Chimene chinathetsa nkhani ndi mapulopela aja anasanduka phala. Pa sikani ya mayi aja, injini yakumanzere yakunja inaoneka bwino: timapiko tinayi, topingasana ngati mtanda. Sunderland ndi Sandringham zili ndi titatu. Solent inali ndi mainjini amphamvu a Bristol Hercules, ozunguza timapiko tinayi. Mawindo nawo anaoneka m'mizere iwiri, wapamwamba ndi wapansi. Kenako zilembo: G, kamzere, A, H, I. Chomaliza chinabisika ndi mutu wa munthu woima m'boti. G ndi chizindikiro cha ndege za ku Britain, monga mmene zathu zimayambira ndi 7Q, ndipo ma Solent angapo a BOAC, kampani ya ndege ya ku Britain ya nthawi imeneyo, anali ndi zilembo zoyamba ndi G-AHI.

Dzinalo linandipatsanso nthawi. BOAC inkayendetsa ndegezi kuchokera ku Southampton, ku Britain, kupita ku Johannesburg, kumene zinkatera pa damu la Vaal, ndipo panjira zinkatsata mtsinje wa Nile ndi nyanja ya Victoria. Ku Cape Maclear zinayamba kutera chakumapeto kwa 1949, ndipo mu Novembala 1950 kampaniyo inasiyiratu ndege za pamadzi. Chaka chimodzi chokha basi. Ndiye kuti tsopano ndikudziwa nthawi imene agogo anaima pagombe la kufupi ndi Chembe akuyang'ana chindegecho, zimene ngakhale malume anga sankadziwa. Ma Solent otsala padziko lonse ndi awiri okha, ina ku Auckland ku New Zealand, ina ku Oakland ku America, onse m'nyumba zosungira zinthu zakale. Sindidzafikako, koma ndikakhala pamchenga ku Chembe ndimayesa kuganiza phokoso la mainjini anayi aja likuwomba m'mapiri.

Zofooka za situdiyoyi zilipo. Mpando wodikirirapo ndi umodzi, ndipo masana m'katimo mumatentha kwambiri. Sikana yawo n'njaing'ono, siingatenge chithunzi choposa pepala la A4. Chithunzi chachikulu chimene anandisindikizira chinatuluka chakuda kuposa cha pa kompyuta, moti timabwato ta pansi pa mapiko tinasowera mumthunzi. Ndinalipira ndithu, koma sindichigwiritsa ntchito. Mtengo wa sikani yokha sunafike wa chambo chimodzi chachikulu pamsika, ndipo sindinadandaule nawo.

Amene muli ndi zithunzi zakale za ndege, sitima za panyanja kapena magalimoto, pitani m'mawa, mutenge fulashi yanu, ndipo munene musanapereke chithunzi kuti mukufuna sikani yosakonza. Mukapeza mnyamata yekha, pemphani kuti aitane mayiwo. Ine ndibwererako sabata yamawa ndi chithunzi china cha m'tiranki momwemo, cha kandege ka injini imodzi kataima paudzu. Mphuno yake yozungulira ikundipangitsa kuganiza kuti ndi ndege ya mtundu wa Beaver ya kampani yakale ya Central African Airways, koma ndikufuna ndione kaye zilembo za pathupi pake.