Huawei yopanda Google, Pixel ya GrapheneOS kapena LineageOS: iti ingapirire Blantyre?

Mafoni amenewa amafika m'manja mwathu m'njira zosiyana. Huawei kawirikawiri imabwera ndi achibale kapena ageni ochokera ku China, Dubai ndi Johannesburg. Pixel ndi kaunjika wa ku America ndi ku Ulaya, poti Google sigulitsa yokha mafoni ake kuno kwathu. GrapheneOS ndi mtundu wa Android wokhwimitsa chitetezo, umene munthu amaika pa Pixel m'malo mwa pulogalamu ya Google. LineageOS nayo ndi mtundu wina wa Android, pulogalamu chabe, imene munthu amaika pa Xiaomi, OnePlus, Motorola kapena Samsung yakale yomwe eni ake anasiya kuitumizira zatsopano. Zonse zitatu siziyenda ngati Tecno ndi itel zimene zadzaza m'minibasi ya ku Ndirande, ndiye musanatulutse ndalama mafunso ndi atatu. Mukaika simu ya TNM kapena Airtel, igwira? Ndalama za pafoni zituluka? Ikagwa pasimenti, akonza ndani?

Tiyambe ndi netiweki, poti apa ndi pomwe pulogalamu imasenzetsedwa mlandu wosakhala wake. Mafunde amene foni ingagwire anaikidwa kale m'zipangizo zake kufakitale, ndipo palibe GrapheneOS, LineageOS kapena HarmonyOS ya Huawei imene ingawonjezere band (gulu la mafunde) yomwe mulibe. Ku Africa ndi ku Ulaya 4G imadalira kwambiri Band 3, ya 1800 MHz, ndi Band 20, ya 800 MHz. Yotsikayo ndi imene imafika patali n'kuboola makoma, koma mafoni ambiri opangidwira msika wa m'dziko la China alibe Band 20. Mzinda wathu ndi wa zitunda ndi zigwa. Foni yosowa band ikhoza kuonetsa 4G yodzaza pa Victoria Avenue kapena pa Chichiri, koma mukalowa kuseri kwa phiri la Soche kapena m'zigwa za ku Chilomoni n'kugwera pa H+, mwinanso pa E, ya mnzanu pampando womwewo ikadali bwinobwino. Musadalire dzina lalikulu lolembedwa pabokosi. Foni ya dzina limodzi imakhala ndi mitundu ingapo malinga ndi dziko lomwe inapangidwira, ndiye onani nambala ya modelo, fufuzani ma band ake, kenako funsani pashopu ya kampani yanu amene akugwira ntchito kudera lanu. Pa nkhani iyi Pixel ndiyo yosadetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa mitundu yake imanyamula ma band ambiri. Huawei ndi Xiaomi za ku China ndi zoyenera kuzifufuza kawiri.

Koma Pixel ili ndi chilema chimene ife timachimva kuposa a ku America. Malo oikapo simu ndi amodzi okha, yachiwiri iyenera kukhala eSIM, simu yopanda kakhadi yomwe imalowetsedwa m'foni ngati pulogalamu, ndipo Pixel 10 yogulitsidwa ku America ilibiretu kabowo ka simu. Ambirife timayenda ndi 088 ndi 099 pamodzi, ina ya bandulo yotchipa mwezi umenewo, ina yomwe amayi kumudzi amaidziwa. Huawei ndi Xiaomi zambiri zimalandira masimu awiri popanda chovuta.

Zimachitikanso pa LineageOS, nthawi zina pa GrapheneOS, kuti foni ikuimba ndi kulandira mauthenga koma intaneti zii. Nthawi zambiri ndi APN, kakhomo kolumikizira foni ku intaneti ya kampani yanu. Lowani mu Access Point Names, pangani yatsopano, dzina lake akuuzani a kampani yanu. M'munsimo muona MCC 650, yomwe ndi nambala ya Malawi, ndi MNC 01 ngati ndi TNM kapena 10 ngati ndi Airtel. Manambalawa amadzilemba okha kuchokera pasimu, musawasinthe. Za VoLTE, kutanthauza kuimba foni kudzera pa 4G, musayembekezere zambiri. Pixel imayatsa VoLTE ndi 5G mosavuta pa makampani amene Google inawaika pamndandanda wake, ndipo Samsung ikaikidwa LineageOS imataya VoLTE chifukwa mbali imeneyo ndi ya Samsung yokha. Zotsatira zake n'zakuti mukamaimba foni imatsikira pa 3G kapena 2G, intaneti n'kufooka mpaka mutadula. Kuimbako kumatheka ndithu. TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023, koma ine sindingasankhe foni yakunja chifukwa cha chilembo cha 5G pabokosi.

Tsopano ndalama, pomwe pagona nkhani. Mwayi wathu ndi wakuti zambiri timachita ndi makodi. Mpamba ndi *444#, Airtel Money ndi *211#, Mo626 ya National Bank ndi *626#, ndipo zimenezi zimadutsa pamalo oimbira foni, sizifuna Google. Mayunitsi a ESCOM, madzi, fizi, kutumizira agogo, zonse zimayenda pa GrapheneOS, pa LineageOS ndi pa Huawei ya EMUI, pulogalamu yake yochokera ku Android. Komabe yesani musanagule. Imani pakanyumba ka ejenti, imbani kodiyo, dikirani kabokosi kotuwa katuluke ndi manambala ake, sankhani, lembani PIN, muone ngati uthenga wotsimikiza wafika ejenti asanayambe kukuyang'anani cham'mbali. Pa foni ya masimu awiri onetsetsani kuti ikukufunsani simu yoimbira, chifukwa kodi ya Mpamba pasimu ya Airtel sipita kulikonse.

Ma app a banki ndiye nkhani ina. Ambiri masiku ano amafunsa kaye Google, kudzera mu Play Integrity, ngati foniyo ili momwe inachokera kufakitale. GrapheneOS imakulolani kuika Play Store ndi Play Services ngati ma app wamba, otsekeredwa m'khola lawo opanda mphamvu zapadera, ndipo ma app ochuluka amagwira motero. Koma imangokhoza mayeso oyambirira a Play Integrity, moti app yokhwimitsa malamulo ikhoza kukana. LineageOS imavutika kwambiri apa chifukwa bootloader yake, khomo loikira pulogalamu yoyendetsa foni, imatsala yotsekula. Pali njira zobisira, koma zimagwira mwezi uno n'kufa mwezi wamawa Google ikasintha zinthu, ndipo sindingalangize munthu kupachika malipiro ake apamwezi pa zoterozo. Huawei ilibe Google kuyambira pa Mate 30 ya mu 2019, boma la America litailetsa kuchita malonda ndi makampani akumeneko mu May chaka chomwecho. Ili ndi AppGallery yake, ndipo anthu amaika GBox kapena microG kuti ma app odalira Google atseguke. Zimathandiza pa YouTube ndi Gmail. Koma kulowetsa pasiwedi ya banki m'pulogalamu yapakati yomwe simukuidziwa mwini wake, ine ayi.

Pa Huawei pali msampha watsopano womwe ogulitsa ena sakuudziwa n'komwe. EMUI, komanso HarmonyOS 2 mpaka 4, imalandira mafayilo a APK, oikira ma app a Android, ndiye WhatsApp mukhoza kuitenga pa webusaiti yake n'kuika. HarmonyOS NEXT, imene inatuluka mu October 2024 ndipo imatchedwanso HarmonyOS 5, inataya Android yonse. APK siyenda payokha, imafuna kabokosi kapadera kongobwereka. Foni yokongola, kamera yoopsa, koma inapangidwira munthu wokhala ku Shenzhen amene moyo wake uli pa WeChat. Mukaona HarmonyOS 5 kapena kuposa pa About phone, ibwezeni mwaulemu. Ndipo musadzinamize kuti mudzaikamo pulogalamu ina, chifukwa Huawei inasiya kupereka makodi otsekulira bootloader mu 2018.

WhatsApp yeniyeni imagwira popanda Google, kungoti kusunga macheza pa Google Drive sikutheka pa Huawei kapena pa LineageOS yopanda ma app a Google. Sungani pafoni pomwepo n'kumakopera pa kompyuta. Pa Huawei mauthenga amakonda kuchedwa, mumangoona onse akhuthuka nthawi imodzi mukatsekula app, uthenga wa maliro wa m'mawa n'kuuwerenga masana. Chifukwa chake n'chakuti foniyo imapha ma app akumbuyo posunga batire. Pitani pa App launch, chotsani WhatsApp pa automatic, muilole kuyenda kumbuyo.

Pa bandulo zitatuzi zimapambana mafoni ambiri a m'sitolo, chifukwa iliyonse imakulolani kumana app inayake intaneti. GrapheneOS imafika pochotseratu chilolezo cha Network, app n'kumaganiza kuti kulibe netiweki. Tochi, kalikuleta ndi masewera a ana zimasiya kudya ma MB ndi zotsatsa malonda. Chenjerani ndi ma update okha. A LineageOS amatuluka pafupifupi sabata iliyonse ndipo iliyonse ndi fayilo yathunthu, ya 1 GB kapena kuposa pa mafoni ambiri. Palibe chifukwa chotengera zonse, kamodzi pamwezi pa Wi-Fi ya kuntchito n'kokwanira. A GrapheneOS amabwera pafupipafupi koma amakhala aang'ono ngati simunatsalire, ndipo mukhoza kuwauza kuti azidikira Wi-Fi.

Magetsi akathima tsiku lonse, Huawei ndi imene imafika madzulo ikupuma. Pixel 6 ndi 7 zimadziwika ndi kutentha komanso kutha batire pamalo pomwe netiweki ili yofooka, ndipo dzuwa la October silizichitira chifundo. Pixel 6a ndiyo yofunika kuisamala pogula, poti mu 2025 Google inachepetsa dala mphamvu ya batire pa zimene zatchajidwa kopitirira ka 400, poopa kutentha kwambiri. Ya kaunjika mwachidziwikire inadutsa kale pamenepo. Onaninso zaka zomwe zatsala, chifukwa GrapheneOS imayendera limodzi ndi thandizo la Google. Pixel 7 ikuthera mu 2027, pamene Pixel 8 inalonjezedwa zaka 7, mpaka 2030. Ngati thumba likulola, yambirani pa 8 kapena 8a.

Foni ikasowa m'chipwirikiti cha pa Wenela kapena mumsika wa Limbe, GrapheneOS ndi imene ingakugonetseni tulo. Mukamaliza kuiika, bootloader imatsekedwanso. Foni ikakhala maola 18 osatsekulidwa imadzizimitsa n'kuyakanso, zonse zili zokiyidwa. Ilinso ndi PIN yachiwiri yoti wina akakukakamizani kutsekula, mukailemba imafufuta chilichonse. Wakubayo akhoza kuifufuta n'kuigulitsa, koma zithunzi ndi mauthenga anu saziona. Pa LineageOS zinthu zanu zimakhalanso zokiyidwa ndi PIN, koma khomo la bootloader ndi lotsekula kwa aliyense wodziwa kugwiritsa chingwe ndi kompyuta. Pa foni iliyonse mwa izi ikani PIN pasimu, chifukwa ndalama zanu zili pasimupo.

LineageOS ndimaikonda pa chifukwa chimodzi, imaukitsa foni imene aliyense anaitaya mtima. Inabadwa kumapeto kwa 2016 kholo lake CyanogenMod litatha, ndipo foni iliyonse pamndandanda wake ili ndi munthu wongodzipereka amene amaisamalira. Ili ngati mjigo wa m'mudzi, madzi amatuluka malinga ngati wokonza uja sanasamuke. Akasiya, ma update amaima. Tecno, itel ndi Infinix musazivutikire, mndandandawo wadzaza ndi mafoni okhala ndi purosesa ya Snapdragon. Samsung za ku America zambiri sizitsekulika, ndipo zimene zimatsekulika zimaotcha Knox, chitetezo cha Samsung, kosabwerera. Xiaomi imakudikiritsani masiku musanaloledwe kutsekula, ndipo pa mafoni atsopano a ku China yakhwimitsa kwambiri. Kamera nayo imatsika, chifukwa ukatswiri wake wambiri unali m'pulogalamu ya kampani imene mwachotsa ija.

Kokonzetsa ndi komwe Pixel imakulipiritsani. Sikirini ya Samsung, Tecno kapena Huawei yakale muipeza tsiku lomwelo ku Limbe kapena m'tauni. Ya Pixel nthawi zambiri ndi yoitanitsa, pamtengo wotsatira dola, ndipo kuyambira pa Pixel 6 chowerengera chala chili pansi pa galasi, moti sikirini ikasinthidwa chimafuna kuchunidwanso pa kompyuta. Chinanso, Pixel ya GrapheneOS ikamayaka imaonetsa chizindikiro chachikasu ndi mawu oti foni ikutsegula pulogalamu ina. Palibe chawonongeka, imatero nthawi zonse. Koma wokonza amene sanaionepo akaona chikasucho dzanja limathamangira pachingwe kuti aiflashe. Muuzeni musanamupatse: "Achimwene, vuto ndi pochajira pokha, software musaikhudze." Ndipo khalani pomwepo pabenchi mpaka amalize.

Ndiye ndingasankhe iti? Ya tsiku ndi tsiku, kwa munthu wosamala zachinsinsi chake, wokhala ndi simu imodzi yodalirika kapena kafoni ka mabatani kapambali, Pixel 8 ya GrapheneOS. Kwa wageni amene akufuna masimu awiri, batire lolimba ndi zithunzi zabwino za katundu, ndipo banki amaichita ndi makodi, Huawei ya EMUI imukwanira. LineageOS ndi ya foni yachiwiri, ya mwana wasukulu kapena ya inu amene mumasangalala ndi kukonzakonza Loweruka masana. Amayi anu kapena abwana anu amene akungofuna foni yogwira ntchito, asiyireni Android wamba.

Pogula Pixel ya kaunjika musachoke pakauntala musanachite izi. Ikani simu ya TNM, imbani, chotsani, ikani ya Airtel, imbaninso, chifukwa mafoni ambiri a ku America ndi ku Japan amabwera okiyidwa ku kampani imodzi. Imbani *#06# muyerekeze IMEI, nambala yodziwira foniyo, ndi ya pabokosi ngati lilipo. Onetsetsani kuti akaunti ya Google ya mwini wakale inachotsedwa. Kenako lumikizani intaneti, dinani Build number ka 7, lowani mu Developer options, mupeze OEM unlocking. Ikakhala yotuwa yosadinika, kawirikawiri ndi Pixel ya Verizon, kampani ya netiweki ya ku America, ndipo GrapheneOS sidzalowamo ngakhale wogulitsayo alumbire bwanji.