Mawilo anamanga bwino, koma mnyamata wawo akanandipha ku Chezi

Ndikupereka nyenyezi zitatu kwa shopu imene inandikonzera njinga. Ziwiri ndi za madala eni shopu, yachitatu ndi ya njingayo. Mnyamata wawo uja sindikumupatsa kalikonse.

Njingayo ndi Trek 820 yachitsulo, ya m'ma 1990, yogula pa kaunjika. Ndinapita nayo kuti aikonze ikhale ya maulendo ataliatali, yonyamula zikwama ndi tenti. Tinagwirizana K45,000 ya ntchito yokha, zipangizo ndigule ndekha, ndipo za mitengo ya zipangizo masiku ano mukudziwa kale.

Nkhani yagona pa keliyala. Njinga zakalezi zili ndi timabowo ta mazinga pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, tomangirapo keliyala ndi mabawuti a saizi ya M5. Ndinamuonetsa mnyamatayo ndi chala, n'kumuuza kuti aikepo mabawuti olimba ndi mawashala. Anandiyankha maso ali pa foni kuti, "Bwana, izi timapanga daily." Tsiku lotenga njinga inkaoneka bwino, keliyala nga! Ndinaigwedeza ndi manja, sinasunthe.

Ulendo woyamba unali wa ku Salima pa M14. Amene munadutsako mukudziwa mmene msewu umatsikira ukangopitirira Chezi, makona okhaokha, malole akubwera kumbuyo. Ndili pa liwiro ndinangomva thyo! njinga n'kuyamba kuvina. Bawuti ya kumanzere inali itaduka, mwendo wa keliyala n'kutsetsereka, chikwama n'kugonera tayala. Ndinaima m'ngalande, bondo litanyuka, mtima uli phaphapha. Mwendowo ukanalowa m'masipoko bwenzi tikukamba zina.

Ndinaikankha mpaka pa munthu wina wowotcherera m'mbali mwa msewu cha ku Mvera. Kachidutswa ka bawuti kanali katatsalira m'bowo, kopanda pogwira. Bambowo sanavutike: anawotcherera kanati pamwamba pa kachidutswako, n'kudikira kazizire, n'kupotokola ndi sipanala, kanatuluka mazinga a felemu osaonongeka. Atamasula bawuti ya mbali inayo anandiikira m'manja osanena kanthu. Inali yofewa, ya zija amamangira zitseko za makabati, yangolowa mazinga awiri kapena atatu, washala palibe. Mabawuti abwino amene ndinalipira, kaya anapita kuti.

Nditabwerera ku shopu mnyamatayo anayamba ndi kuseka. Akuti katundu ndinachulutsa. Katundu wake uti? Zikwama ziwiri, tenti ndi kapoto, zosakwana makilogalamu 20, pamene akabaza amanyamula munthu wamkulu ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa keliyala imodzi. Pepani sanatchule mpaka lero.

Apa ndiyenera kunena chilungamo za madala. Anamusiya mnyamatayo akulongolola, iwo n'kutembenuza njinga, n'kuzunguza wilo lakumbuyo. Wilo limeneli anamanga okha, masipoko 36 pa limu yatsopano, ndipo ngakhale linagoneredwa ndi chikwama pa liwiro lotere silinapindike, sipoko ngakhale imodzi sinaduke. Anaika mabawuti osachita dzimbiri, otalika mpaka kutulukira mbali ina. Kumanzere anawonjezera nati yotsekera, kumanja anafupikitsa bawuti kuti isakhule tcheni ikakhala pa giya yaing'ono. Ndalama anakana. "Achimwene, vuto ndi lathu ili," anatero, basi.

Ndipo zambiri zimene ndikukondwera nazo pa njingayi ndi nzeru zawo. Mnyamata yemweyo ankafuna kundigulitsa foloko ya masipiling'i, ija yonyezimira yotchipa. Madala anakana, anati foloko yachitsulo yoyambirira ndi imene imafunika pa katundu, ilibe chowonongeka. Magiya anasiya atatu kutsogolo, kumbuyo anaika fuliwilo ya magiya 7 yoyambira mano 14 kufika 34, moti pobwerera ndinakwera zitunda za ku Dowa ndili pa chishalo, pang'onopang'ono koma osatsika. Mahandulo owongoka anachotsa n'kuika opindikira kumbuyo, msana ndi mikono zinasiya kupweteka. Matayala a zigoba aja anasintha n'kuika osalala a 26 x 1.75, ndipo machubu a 26 mumawapeza ngakhale pa kamsika ka kumudzi. Mabuleki ndi akale omwewo, anangosintha marabala ndi makebulo, akugwira bwino ndithu.

Chishalo chokha ndiye ayi, n'cholimba ngati mpando wa ku sukulu ya pulayimale, koma chimenecho ndinabwera nacho ndekha. Komanso a pa shopuyi nthawi sasunga: akati Lachitatu, dziwani kuti ndi Loweruka.

Kodi ndingapitenso? Pa mawilo, magiya ndi maberingi, eya, ndipo mnzanga wina ndamutumiza kale ndi njinga yake yakale ya Giant. Koma ndamuuza kuti akafike m'mawa madala alipo, mabawuti a keliyala akagule yekha ku hadiweya, ndipo akaime pomwepo mpaka amangidwe. Akapeza mnyamata yekha pa shopu, abwerere nayo njingayo.