Moving Out patatha miyezi ingapo, sofa ya L ija sinanditopetsebe

Moving Out ndakhala ndikusewera miyezi ingapo tsopano pa PS4, nthawi zambiri ndi mng'ono wanga. Kwa amene simukuidziwa, ndi gemu ya SMG Studio ndi DevM Games, anaitulutsa ndi a Team17 mu 2020, mumakhala antchito a kampani ya Smooth Moves mu tauni ya Packmore ndipo ntchito yake ndi kutulutsa katundu m'nyumba nkukapakira mu lole nthawi isanathe, anthu mpaka 4 pa TV imodzi.

Timabokosi ndi timipando zinandikwana msanga, kungotola nkuponya basi. Chimene chikundibwezabe ndi katundu wofuna anthu awiri, bedi, filiji, makamaka sofa yopindika ngati L ija. Imeneyo ukafika nayo pakhomo aliyense akukokera kwake imangokakamira pafelemu, nthawi ikupita, mnzako akukuwa, ndiye apa mpamene gemuyi anaiganizira bwino chifukwa liwiro la zala silithandiza, pamafunika kumvana pakamwa. Ife pano wakutsogolo ndiye amalamula, wakumbuyo amangotsatira osalimbana naye, ndipo sofayo timaitembenuziratu tisanafike pakhomo, mbali yaifupi ilowe kaye kenako kukhota pang'onopang'ono. Ukati uitembenuze uli kale pakati pa khomo ndiye yavuta, bola kubwerera m'mbuyo nkuyambanso.

Kuponya nakonso nkokoma kwambiri mukakuzolowera. Nonse mwagwira, mukuigwedeza uku ndi uku, nkusiya batani nthawi imodzi, bedi yonse kudutsa pawindo mpaka panja. Galasi kusweka palibe mlandu pokhapokha ngati cholinga chapadera cha levulo imeneyo chikuti musaswe mawindo. Mamendulo a golide ambiri, amene umapatsidwa ukamaliza levulo mwachangu, tawapeza chonchi, masitepe osawadutsanso ndi katundu. Mu lole yambani ndi zazikulu muzikankhire mkati, tating'ono muziponya pamwamba pake, mukayamba ndi tating'ono sofa isowa malo nkumaterereka kugwa pansi.

Chodandaula changa nchakuti pamene katundu wawunjikana kamunthu kako nthawi zina kamagwira chinthu china osati chomwe ukufuna, ndipo izi mpaka pano zimandinyansa masekondi akatsala ochepa. Komanso kusewera wekha sikukoma, katundu wolemera uja amapepuka kuti umuthe wekha ndiye kukoma konse kuja kumathera pomwepo. Assist Mode yokha ndiiyamikire, imawonjezera nthawi, kupeputsa zolemera, ngakhale kupangitsa katundu kuzimiririka akalowa mu lole, ana ndi alendo amasewera osakhumudwa.

Gemu yoyambayi ilibe zosewera pa intaneti, zimenezo zinabwera mu Moving Out 2 ya 2023. Ngati mnzanu wosewera naye ali kutali gulani yachiwiriyo, koma ngati muli nyumba imodzi ndipo ma controller alipo awiri yoyambayi ikukwanirani.