Nyenyezi zitatu: ntchito inatheka, koma anatsala pang'ono kutifufutira seva yonse

Ofesi yathu imajambula mapulani a nyumba kuno ku Lilongwe, ndipo zonse timasunga pa kaseva kamodzi ka HP MicroServer Gen8 kokhala ndi system ya Linux yotchedwa Ubuntu. Munali madisiki awiri a 1 TB pa RAID 1, ija yoti chilichonse cholembedwa pa disiki imodzi chimalembedwanso pa inzake. Malo anatha. Tinkafuna awiri a 4 TB, koma osayambiranso kuika system, chifukwa maakaunti a anthu, mafoda ndi zilolezo zake komanso pulogalamu yolembera ma invoice zinatitengera nthawi kuti zikhazikike, ndipo amene anaziika anapita ku Joni kalekale. Izi ndinauza kampani ya za makompyuta imene tinaipatsa ntchitoyi pa foni, ndinalembanso pa WhatsApp. Abwana a kampaniyi anayankha kuti ndi kantchito kakang'ono, amachita tsiku ndi tsiku. Za mtengo wa madisiki sindidandaula, tonse tikudziwa mmene katundu wochokera kunja wakwerera chigwereni kwacha mu Novembala 2023. Koma ndalama ya ntchito anatenga yonse asanagwire n'komwe sikuludiraiva.

Lachisanu madzulo anatumiza mnyamata. Anazimitsa seva, n'kuchotsa disiki imodzi yakale, kuika yatsopano, kuyatsa, n'kunena kuti ziziyenda zokha usiku. Loweruka m'mawa anabwera, anaona kuti kukopera kwatha, anazimitsanso, n'kuchotsa yakale yotsala ija n'kuika yatsopano yachiwiri. Atayatsa, seva sinadzuke. Inkangofufuza pa disiki, kulephera, kuyesa kudzuka kudzera pa netiweki, kulepheranso, n'kuyambira poyamba. Mnyamatayo anazimitsa n'kuyatsa kangapo, anasinthanitsa malo a madisiki, thukuta lili kamukamu. Kenako anatembenuka n'kundiuza kuti, "Madam, system yakana. Apa palibe kuchitira mwina, tingofomata basi."

Kufomata! Chinthu chimodzi chokhacho chimene ndinawauza kuti asachite. Ndinaimbira abwana ake pomwepo, foni ndinaika pa sipika kuti mnyamatayo azimva. Mawu awo ndi amene andichititsa kulemba ndemangayi. Anati, "Amayi, makina akalekalewa amatero. Tikuikirani system yatsopano, koma imeneyo ndi ntchito ina, ili ndi mtengo wake." Nditawafunsa ngati mnyamata wawo anatenga backup asanayambe, anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Si muli ndi RAID? Backup yake ndi imeneyo." Ine si katswiri wa makompyuta, koma ngakhale ine ndikudziwa kuti ukafufuta fayilo pa RAID 1 imafufutika pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo. Munthu wodya ndalama za ntchito imeneyi angandiuze bwanji zimenezo? Mapulani a makasitomala a zaka zambiri, ena nyumba zawo zili pakati pomangidwa, iwo n'kumayankhula ngati tikukamba za nyimbo za pa flash.

Ndili pa foni choncho, ndinaona mnyamata uja akulowetsa madisiki akale awiri aja m'chikwama chake chakumsana, momwe munali ma chaja ndi mawaya, opanda chokutira chilichonse. Anati akukawaona ku shopu. Ndinamulanda, n'kuwaika mu dirowa ya desiki yanga, kukiya, kiyi m'thumba. Ndinauza abwanawo kuti palibe chituluke mu ofesi muno, ndipo ngati alibe munthu wodziwa ntchitoyi anene, andibwezere ndalama zanga ndikafune kwina. Anadula foni osatsanzika.

Masana kunabwera mtsikana wa kampani yomweyo, yekha, pa kabaza. Apa ndi pamene nkhani inasintha. Sanafulumire kugwira seva. Anapempha madisiki akale aja, anafunsa mnyamatayo pa foni kuti yomaliza kuchotsedwa ndi iti, n'kumata kapepala pa disiki iliyonse atalembapo nambala yake ndi malo ake. Anabwezeretsa yakale yomaliza ija, kuyatsa, seva n'kudzuka bwinobwino, mafayilo onse alipo. Ndinakhala pansi, miyendo inali italefuka.

Anandifotokozera modekha, akundionetsa pa sikirini. RAID 1 ija, imene amaitchanso mirror, pa Linux imayendetsedwa ndi pulogalamu ya mdadm, ndipo imakopera zimene zili mkati mwa ma partition okha, kutanthauza zigawo za disiki. Kapulogalamu kodzutsa makina, GRUB, kali ndi gawo lake kumayambiriro kwenikweni kwa disiki, kunja kwa mirror, ndipo kamafunika kuikidwa pamanja pa disiki yatsopano iliyonse. Mnyamata uja sanakaike. Choncho disiki yatsopano inali ndi zonse, koma ngati galimoto yodzaza mafuta yopanda sitata. Palibe chimene chinafa. Anthuwa ankafuna kufufuta seva yathanzi chifukwa cha lamulo limodzi limene sanalembe.

Anapezanso vuto lachiwiri limene tikanalizindikira mochedwa. Mnyamatayo anangokopera kagawidwe ka disiki yakale, ka mtundu wa MBR, n'kukaika pa yatsopano. MBR siidutsa 2 TB. Kutanthauza kuti ngakhale seva ikanadzuka, theka la malo amene tinalipira, kapena kuposa apo, likanangokhala osagwira ntchito. Disiki ya 4 TB imafuna kagawidwe ka mtundu wa GPT, ndipo poti Gen8 imadzuka ndi njira yakale ya BIOS, ilibe yatsopano ya UEFI, pamafunikanso ka partition kakang'ono ka pafupifupi 1 MB koti GRUB akhalemo. Mtsikanayo anati ayambiranso, koma sagwira chilichonse tisanakopere zonse pa disiki ina yakunja. Chifukwa chake chinandigwira mtima: nthawi imene mirror ikudzimanganso, deta yonse imadalira disiki imodzi yakale, ndipo disikiyo imawerengedwa kuchokera poyamba mpaka pamapeto. Ngati ili ndi malo ofooka, imaonekera pomwepo. Anayang'ana kaye thanzi la madisiki onse ndi pulogalamu ya smartctl, akale ndi atsopano omwe.

Zotsalazo zinali kudikira. Anagawa disiki yatsopano ndi GPT, kuilowetsa mu mirror, n'kundiphunzitsa kuona mmene mirror ilili pa fayilo ya /proc/mdstat: pakakhala U mmodzi ndi kamzere, disiki imodzi sinakonzeke, musazimitse dala, pakakhala ma U awiri, zatheka. Magetsi anazima pakati pa ntchitoyi, koma UPS inagwira mpaka tinaliza jenereta, ndipo iye anakhala pompo osachoka. Kukopera kutatha anaika GRUB, kenako anachita chimene mnzake uja sanaganize n'komwe: anachotsa yakale n'kuyesa kudzutsa seva ndi yatsopano yokha, ine ndikuona. Itadzuka ndi pamene anaika yachiwiri. Lamulungu atachoka ku tchalitchi anabweranso kudzamaliza, kuika GRUB pa yachiwiriyo, kukulitsa mirror ndi mdadm, n'kutambasula malo osungiramo mafayilo ndi pulogalamu ya resize2fs seva ili chiyakire. Lolemba anzanga anafika n'kutsegula mafoda awo monga mwa nthawi zonse, mapasiwedi omwewo, osadziwa kuti Loweruka kunali nkhondo.

Malo akuoneka 3.6 TB, osati 4. Ndinatsala pang'ono kuyambanso phokoso, koma anandiuza ndisanafunse kuti opanga madisiki amawerenga ndi 1,000 pomwe kompyuta imawerenga ndi 1,024, ndiye palibe chimene chabedwa.

Kunena chilungamo, pali zina zimene kampaniyi inachita bwino. Madisiki anatigulitsa ndi atsopanodi, smartctl inaonetsa kuti anali asanagwirepo ntchito kwina, ndipo ndi a mtundu wa CMR, osati a SMR amene amachedwa kwambiri mirror ikamadzimanga. Ambiri m'tauni muno akanatipatsa otsika mtengo osatiuza. Seva ikuyenda bwino chichokereni iwo, palibe chovuta chilichonse. Ngakhale mnyamata uja mtima wanga unatsika naye. Anabwera mkati mwa sabata kudzatenga zida zimene anaiwala, anapepesa ndi ulemu, n'kunena kuti ntchito ya mtunduwu anali asanaigwirepo ndipo anangouzidwa kuti apite. Wolakwa ndi amene anamutuma yekha pa seva ya anthu popanda womuyang'anira.

Abwanawo mpaka lero sanapepese. M'malo mwake ananditumizira invoice ina, ya "ntchito ya mwadzidzidzi ya kumapeto kwa sabata", ngati kuti ngoziyo tinaiyambitsa ndife. Ndinawayankha kuti ndinalipira kukulitsa madisiki popanda kufufuta system, ndipo kukonza zimene munthu wawo anaononga ndi udindo wawo. Ndinawonjeza kuti ngati ndalamayo ikupita m'thumba mwa mtsikana amene anataya Loweruka ndi Lamulungu lake, anene, ndimupatsa ndekha m'manja. Sanayankhe zimenezo.

Amene mukufuna kuwapatsa ntchito ngati imeneyi, musapereke ndalama yonse poyamba. Afunseni ngati atenge backup asanayambe, ngati disiki yatsopano aigawe ndi GPT, ndipo auzeni kuti mukufuna kuona ndi maso anu seva ikudzuka ndi disiki yatsopano yokha asanachotse yakale yomaliza. Madisiki akale asatuluke nawo pakhomo, chifukwa muli deta yanu yonse. Akayamba kuzungulira poyankha, akutumizirani munthu wophunzirira pa makina anu.

Invoice yachiwiriyo sindinalipire ndipo sindilipira. Ndikudikirabe mapepala a waranti ya madisiki, amene anandilonjeza tsiku limene ndinapereka ndalama.