Reyneke Syrah patapita miyezi ndithu

Amene mukufuna kugula vinyo wofiira wa Reyneke Biodynamic Syrah wa mphesa za 2021, musafulumire kutsegula mabotolo onse. Nditangogula katoni kuno ku Cape Town, botolo loyamba linkaumitsa lilime ngati wadya nthochi yosapsa. Fungo la tsabola wakuda linalipo, koma kukoma kwa zipatso kunali kusanatuluke.

Otsalawo ndinawagoneka pansi pa wadiropu, mumdima, chifukwa kutentha kwa Januwale ndi Febuluwale kuno kumaononga vinyo msanga. Pofika nyengo yozizira zinthu zinali zitasintha. Tsabola uja akadalipo, koma tsopano pamabwera kukoma kwa zipatso zakuda zakupsa ndi kautsi pang'ono, ndipo kuuma kwa m'kamwa kwafewa. Mukatsegula, mumusiye kaye kwa ola limodzi. Ndi nyama ya nkhosa yowotcha pamakala amayenda bwino kwambiri. Ndinayesanso ndi nsima ya nyama ya ng'ombe yamsuzi, anakwanira, bola msuziwo usachuluke tomato.

Famu ya Reyneke, komwe vinyoyu amachokera, ili ku Polkadraai, kufupi ndi Stellenbosch, pa dothi lochokera ku mwala wa granite. Mlimi wake, Johan Reyneke, sathira feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala ophera udzu. Manyowa amachokera ku ng'ombe zapafamu pomwepo, ndipo nkhono zodya masamba a mphesa zimathetsedwa ndi abakha. Ulimi umenewu, wotchedwa biodynamic, unayamba ndi maphunziro amene Rudolf Steiner, katswiri wa filosofi wa ku Austria, anapereka mu 1924, ndipo uli ndi zina zodabwitsa: amathira ndowe m'nyanga ya ng'ombe, nkuikwirira nyengo yonse yozizira, kenako nkusungunula pang'ono m'madzi nkuwaza m'munda. Amatsatiranso mwezi posankha tsiku logwira ntchito zina.

Za nyanga ndi mwezizo ine sindizikhulupirira kwenikweni. Ena kuntchito kwathu amati vinyo amakoma mosiyana malinga ndi tsiku la pa kalendala ya mwezi. Ine sindinamvepo kusiyana kotero. Chomwe ndikuvomereza n'chakuti mlimi wopanda mankhwala amakakamizika kuyendera munda wake pafupipafupi, mzere ndi mzere, ndipo mphesa zosamalidwa chotero sizifuna kukometsedwa kwambiri mu selala, mopangira vinyo.

Mtengo wake si wa vinyo womwa tsiku ndi tsiku, koma ndi wotsika poyerekeza ndi Syrah wa ku Rhône, ku France, wa mlingo womwewo. Ndikagulanso wa chaka chotsatira, ndipo wa 2021 wotsalayo ndimusunga zaka zina ziwiri kapena zitatu.